Kalata Yosokeredwa M'mpendero

Bambo a Bernadette atamwalira mu Epulo wa 1961, anthu a m'Kabwata anabwera kudzalira masiku atatu, kenaka aliyense anabwerera ku mavuto ake. Amene anabwera pambuyo pa onse, wopanda msozi ndi umodzi womwe, anali kapitawo wa ku ofesi ya nyumba. Anasiya pepala pakhomo. Pepalalo linati nyumbayo inali ya mesenjala Simeoni Daka, ndipo poti mesenjalayo kulibenso, otsala atuluke Ogasiti asanathe.

Nyumba yake sinali yoti munthu n'kuilirira. Kanali kanyumba kozungulira, kofoleredwa ndi udzu, kokhala ndi kazenera koti mphaka wonenepa sangadutsepo. Koma Bernadette anabadwiramo, ndipo mayi ake, a Regina, anachoka kwawo ku Fort Jameson zaka makumi awiri ndi zinayi zapitazo. Kumeneko kunalibe ngakhale ndime ya munda yowadikira.

Bernadette sanachite mantha poyamba. Anali mphunzitsi pa sukulu ya atsikana ya masisitere, mtsikana woyamba pa mzere wonse wa nyumba zawo kugwira choko, ndipo ankaganiza kuti munthu wa pantchito ndi wa pantchito basi. Anatenga kalata kwa sisitere wamkulu n'kupita nayo ku ofesi ya nyumba. Pazenera anapeza Abson Mvula, kalaliki wa zolembera zitatu m'thumba la malaya, amene ankaimba naye kwaya ku tchalitchi. Abson anawerenga kalatayo mpaka pansi, kenaka anatembenuza khadi la nyumba kuti Bernadette alione bwino.

"Ba Bena, kalata ni yabwino maningi," anatero. "Koma onani khadi. Apa pamwamba tilemba mwamuna. Apa pansi tilemba mkazi wake na bana. Ilibe malo ina. Mubwele chabe na mwamuna, nkhani izasila."

Ananena zimenezi akumwetulira, ngati kuti mwamuna wofunikayo sanali kutali ndi zeneralo.

Tsono ku sukulu kuja kunali lamulo lakenso: mphunzitsi wamkazi akakwatiwa, choko amasiya tsiku lomwelo. Bambo ake anagulitsa njinga, nayenda pansi zaka zitatu kunyamula makalata a Boma, kuti iye akaphunzire uphunzitsi. Akakwatiwa apulumutsa nyumba, ataya choko. Akapanda kukwatiwa asunga choko, mayi ake akwera lole ya kumudzi. Bernadette anatuluka mu ofesimo atakwiya kwambiri, koma analibe womukwiyira, chifukwa khadi silimva.

* * *

Mwamuna woti Bernadette angamufune analipo, kungoti sanali wopita naye kwa amalume. Dzina lake anali Omali, telala wa pakhonde la sitolo ya m'mwenye ku Kamwala, Msilamu, mwana wa Che Mfaume ochokera ku Nyasalande. Anakumana chaka chapitacho pamene Bernadette anabweretsa siketi yoti aichepetse. Omali anaichepetsa kawiri, osati chifukwa choti analakwitsa.

Vuto linali lakuti makina a Omali ndi a bambo ake anali oyandikana, ndipo Che Mfaume ankatha kusoka kolala maso ali pa mwana wawo. Anali atamusankhira kale msuweni wake wa ku Fort Johnston. Choncho pakhonde paja Omali ndi Bernadette ankangokambirana za mabatani ndi ulusi. Mawu enieni ankayenda m'mpendero. Omali ankalemba pa kapepala kopyapyala, n'kukapinda, n'kukasokerera mkati mwa mpendero wa diresi, mbali yakumanja. Bernadette akafika kunyumba ankasosola ndi lezala, n'kuwerenga, ndipo yankho ankalisiya m'thumba la chovala china chofuna kukonza. M'chaka chimodzi zovala zake zinakonzedwa kuposa za mkazi wa mzungu wa ku Woodlands, ndipo mayi ake ankangodabwa kuti mwanayu amang'amba bwanji zinthu.

Za nyumba anali atamulembera kale. Loweruka loyamba la Ogasiti anapita kukatenga diresi lake labuluu. Omali anamupatsa ndi manja awiri, ndipo popereka anatsina mpendero wakumanja kawiri. Chimenecho chinali chizindikiro chawo chakuti nkhani ili mkatimo ndi yachangu.

"Mukaliyese lero lomwe," anatero, maso ali pansi. "Likakhala kuti silikukwanani mubwere nalo msanga."

Che Mfaume anakhosomola, ndipo Bernadette anatsazika.

* * *

Atafika kunyumba anapeza njinga ziwiri zitatsamira khoma. Mayi ake anamugwira dzanja asanalowe, namukokera kuseri. Anamuuza kuti amalume ake a Ezekiel abwera ndi alendo, ndiye asalowe ndi diresi la fumbi limene anavalalo. Anatsomphola phukusi la kwa telala m'manja mwake, nalimasula, naona diresi labuluu lositidwa bwino, ndipo anamuveka lomwelo.

A Ezekiel anali mlongo wa a Regina, khuki wa mzungu wina ku Kabulonga. Iwo ankagona m'kachipinda kamodzi kuseri kwa nyumba ya bwana wawo, kumene ngakhale mlendo wa tsiku limodzi sankaloledwa, choncho kusunga mlongo wawo kunali kosatheka. Zimenezi zinkawawawa, ndipo munthu wowawidwa amafulumira. Pambali pawo panakhala bambo wina wa jekete lakuda, amene anadzitchula kuti ndi nkhoswe ya Abson Mvula.

Bernadette anagwada pakhomo. Amalume anayankhula nthawi yaitali. Anati akudziwa kuti maliro akadali aawisi, koma ofesi ya nyumba siidikira kuti anthu amete. Anati Abson ndi Mkatolika, samwa, ali ndi ntchito ya pa desiki, ndipo khadi la nyumba limadutsa m'manja mwake momwemo. Anati Absonyo wavomera kuti apongozi ake akhalebe m'nyumbamo. Za choko sanatchule mpaka kumapeto, ndipo anazitchula ngati munthu akuchotsa kachitsotso pa malaya: mkazi wa kalaliki safunika kukuwa ndi ana a eni.

"Tsono mphwanga, wamva zonse. Ukuti bwanji?"

Bernadette anali ndi mawu odzaza pakamwa. M'kalasi ankatha kuyankhula ola lathunthu osapuma. Koma apa panali mlendo, panali amalume amene anaika maliro a bambo ake, ndipo pakona panali mayi ake, owonda, atavala zakuda, akumuyang'ana ndi maso opempha. Kuyambira ali mwana anaphunzitsidwa kuti mtsikana satsutsa amalume pamaso pa alendo. Anaweramitsa mutu kuti apeze poyambira, ndipo chala chake chinkasisita mpendero pamene panali kapepala kaja. Anaganiza kuti akayankhula bwino alendo akachoka.

"Wachita manyazi," inatero nkhoswe ija, ikuseka. "Ni mwana olelewa bwino."

Amalume anagwedeza mutu. A Regina anayimba kanthungululu kotsika, kolemekeza maliro, ndipo anayamba kulira. Nkhani inathera pomwepo.

Alendo atangochoka, a Regina anamuvula diresi lija. Anati limeneli ndi la tsiku la chinkhoswe, lisade. Analipinda, naliika m'bokosi lachitsulo, nakhoma loko, ndipo kiyi anabwezera pa chingwe cha m'khosi mwawo pamodzi ndi mendulo ya Amayi Maria. Bernadette anati akufuna kuona ngati telala wasoka bwino. Mayi ake anati anaona kale, wasoka bwino kwambiri.

* * *

Sabata imeneyo Bernadette anaiona kutalika. Madzulo aliwonse akatuluka pachipata cha sukulu ankapeza Abson akudikira, akukankha njinga, mathalauza atawamanga ndi zopanira. Ankamuperekeza mpaka pakhomo, akumufotokozera za makatani amene adzagule ndi za mlongo wake wa ku Chilenje amene adzamuphunzitse kuphika makeke. Sanali munthu woipa nkhope kapena wamwano. Anali ndi chizolowezi chimodzi chokha chotopetsa: akafunsa funso ankadziyankha yekha.

Kawiri konse Bernadette anayesa kuuza mayi ake kuti iye sanavomere. Ulendo woyamba a Regina anati mtsikana aliyense amatero sabata yoyamba. Ulendo wachiwiri anamufunsa ngati akufuna kuti iwo akafere m'khonde la achibale amene sanawaone zaka zoposa makumi awiri. Bernadette sanabwerezenso nkhaniyo. Kupita ku Kamwala kunali kosatheka ndi Abson pambali, komanso, kunena zoona, ankachita manyazi kukaonana ndi Omali. Akanamuuza chiyani?

Kiyi anaipeza Lachisanu masana. A Regina anapita kukasamba, ndipo chingwe chija anachikoleka pa msomali. Bernadette anatsegula bokosi, nasosola mpendero ndi mano chifukwa lezala sanaione.

Omali analemba kuti wapeza njira. Iye ali ndi chitupa, ndipo m'mwenye wake wavomera kumulembera kalata ya ntchito. Apita ku ofesi ya nyumba kukanena kuti iye ndi Bernadette anamanga kale ukwati wa Chisilamu, ndipo alembetsa nyumbayo m'dzina lake. Zidzakhala za papepala chabe. Iye azigonabe kwa bambo ake, amayi akhalebe m'nyumba yawo, ndipo ku sukulu sadzadziwa kanthu. Pansi pake anawonjezera kuti: "Ngati sukufuna, bwera undiletse lisanadutse Lachinayi masana. Ukapanda kubwera ndidziwa kuti wachita manyazi monga achitira atsikana, ndipo ndipita."

Bernadette anakhala pansi pomwepo, diresi lili pamiyendo. Lachinayi linali dzulo. M'sabata imodzi anali atavomera amuna awiri, ndipo sanatsegule pakamwa kwa aliyense wa iwo.

* * *

Loweruka anauza mayi ake kuti akupita kukagula makope, ndipo anadutsa ku Kamwala osaima, akungoyang'ana pakhonde paja mpaka Omali anamuona. Anakakumana m'tauni, pansi pa mitengo ya pakati pa Cairo Road, pamene anthu akuda ankatha kuimirira popanda wowafunsa chimene akufuna. Omali anabwera akuthamanga, tepi yoyezera ikadali m'khosi, nkhope yonse ili mano.

Sanadikire moni. Anatulutsa pepala lopindidwa bwino, lokhala ndi sitampa yofiirira, nafotokoza kuti zinayenda mosavuta kuposa mmene ankaopera. Anati anthu amanamizira makalaliki kuti ndi ouma mtima. Amene anamupeza iye anali munthu wabwino zedi. Atangotchula dzina la Bernadette Daka, kalalikiyo anaimirira, namulowetsa mkati, namupatsa mpando, namufunsa zonse pang'onopang'ono: ukwati unachitika liti, shehe wake ndani, mkaziyo amagwira kuti. Analemba zonse ndi dzanja lake, namuuza kuti asayine pansi.

"Anali ndi zolembera zingati m'thumba?" anafunsa Bernadette.

Omali anaseka, koma ataona nkhope yake anasiya. Anati zitatu.

Pamenepo Bernadette anamuuza zonse: za njinga ziwiri, za nkhoswe ya jekete lakuda, za bokosi ndi kiyi. Omali anamvetsera mpaka pamene anamva kuti Abson ndi ndani, ndipo nsanje inamulowa msanga kuposa mantha. Anafunsa kuti zatheka bwanji kuti iye avomere munthu wina atavala diresi losokedwa ndi manja ake.

"Sininavomele," anatero Bernadette. "Ninakhala chabe chete."

"Pamaso pa ankhoswe! Bena, mtsikana akakhala chete pamaso pa ankhoswe ndiye kuti chiyani?"

"Nanga iwe? Iwe unanifunsa? Unasokelela funso mu diresi, unaziyankha weka."

Omali anati iye anachita zimenezo pofuna kumuthandiza, ndipo anaika chitupa chake pamoto chifukwa cha iye. Bernadette anati akudziwa, ndipo n'chimene chikumupweteka kwambiri, chifukwa amalume akenso akuti akumuthandiza, Abson nayenso akuti akumuthandiza. Aliyense akumuthandiza, koma palibe amene wadikira kuti amve mawu ake. Anamukumbutsa kuti m'makalata onse a chaka chathunthu iye analemba chinthu chimodzi mobwerezabwereza, kuti choko sasiya. Omali anati choko sichinakhudzidwe, ku sukulu sadziwa. Bernadette anamufunsa chifukwa chimene kalaliki uja anafunira kudziwa kumene mkaziyo amagwira, ndipo Omali anayang'ana pepala lake ngati akuliona koyamba.

Anaima pamenepo magalimoto akudutsa mbali zonse ziwiri. Bernadette ankamukonda mnyamatayu, ndipo ngakhale mu mkwiyo wake anaona kuti zala zake zinali ndi mabala a singano ndipo anafuna kuzigwira. Sanazigwire. Omali anati apita Lolemba kukafafaniza zonse, akanena kuti ananama. Bernadette anamuuza kuti asayerekeze kuchita chinthu china chilichonse asanamve kuchokera pakamwa pake, osati m'mpendero.

* * *

Lamulungu Misa itatha, Abson anapempha a Regina kuti atsogole, iye ali ndi mawu pang'ono ndi mwana wawo. A Regina anatsogola mokondwa. Awiriwo anayenda m'kanjira kodutsa kuseri kwa mpopi wa madzi, ndipo kwa nthawi yoyamba Abson sanayankhule za makatani.

Anati Lachinayi kunabwera telala ku ofesi. Anati iye sanagone masiku awiri, chifukwa anali atauza kale abale ake onse mpaka a ku Chilenje, ndipo sanayembekezere kumva dzina la mkazi wake m'kamwa mwa munthu wa pakhonde. Bernadette anaona kuti munthuyu wapwetekedwadi mtima. Anamumvera chisoni pang'ono, mpaka pamene anatulutsa envelopu m'thumba la jekete.

Anafotokoza mwa ukalaliki wake, mwadongosolo. Nyumba imodzi tsopano ili ndi amuna awiri oifuna, iye ndi telala, ndipo onse akutchula mkazi mmodzi. Bwana wa ofesi waitana onse mawa pa naini koloko, pamodzi ndi amalume. Adzafunsa funso limodzi lokha, ngati Bernadette ali mkazi wa Omali kapena ayi. Akati inde, nyumba ipita kwa telala, ndipo envelopu iyi, yomwe ndi kalata yodziwitsa olemba ntchito, ipita kwa sisitere wamkulu tsiku lomwelo. Za kutchalitchi ndi za mtima wa mayi ake, iye sanena. Akati ayi, ndiye kuti telala ananamiza Boma ndipo anasayina bodza lake. Amenewo ndi apolisi, ndipo akatuluka m'ndende chitupa chake chidzakhala chitafafanizidwa, adzamukweza lole ya ku Nyasalande.

"Nikakamba kuti ayi, nyumba ikhala ya ndani?"

"Ya ine na imwe. Monga mwamene tinapangana."

"Ise sitinapangane, ba Abson."

"Ba malume banu banapangana."

Bernadette anamupempha. Sanafune kutero, koma anamupempha. Anati pepala limene Omali anasayina likadali m'dirowa ya ku ofesi, angathe kuling'amba, palibe angadziwe. Anati ngati amamukondadi amuthandize kupempha bwanayo kuti alembe dzina lake la iye mwini pa khadi, ngakhale kwa chaka chimodzi, chifukwa ntchito ali nayo ndipo kalata ya sisitere anaiona yekha. Abson anati pepala analipereka kale kwa bwana Lachisanu m'mawa. Za khadi anati iye sapanga makhadi, amangolemba m'mizere imene anaipeza.

Anali atafika pamene nyumba yawo imaonekera. A Regina anali pakhomo, atayanika diresi labuluu pa chingwe kuti lichoke fungo la m'bokosi, ndipo ankaliyang'anitsitsa m'munsi, pamene mpendero unali wososoledwa. Bernadette anaona mayi ake akulowetsa chala m'kabowoko. Kapepala anali atakachotsa, koma malo ake anali kuonekabe, opindika bwino ngati kathumba.

Anayesa kuwerenga njira zake monga amawerengera ana m'kalasi, ndipo zonse zinathera pamodzi. Akati inde, choko chapita. Akati ayi, Omali wapita, ndipo choko chidzapitabe pa tsiku la ukwati wake ndi Abson. Anaima, natembenuka kumuyang'ana m'maso, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Nanga nikakana kuyankha? Nikakhala chabe chete?"

Abson anabwezera envelopu m'thumba, nakonza zolembera zake zitatu.

"Palibe vuto, ba Bena," anatero mofatsa. "Mukakhala chete, bazayankha ba malume."